Ndalama ya Loweruka

Kabudula,
Lachinayi madzulo

Yamikani mwana wanga,

Alendo a ukwati atha tsopano, mabenchi a kutchalitchi tabweza, ndipo mawa m'mawa iwe ndi mkazi wako mukunyamuka kupita ku Ntchisi kumene akutumiza kukaphunzitsa. Ankhoswe akulangizani, abusa akulangizani, amayi a kumpingo nawonso anamukhazika mkazi wako Chisomo pamphasa masana onse. Ine sindinayankhulepo. Mwina unadabwa kuti bambo ako, amene ngakhale pa msonkhano wa mjigo amapempha mpata woti anenepo mawu awiri, akhala bwanji chete pa ukwati wa mwana wawo. Zimene ndili nazo si zonena anthu akuwomba m'manja. Ndiye ndang'amba masamba apakati a kope lakale la masamu, ndakhala pakhonde dzuwa lisanalowe. Ukawerenge ukafika, ndipo uyambe wawerenga wekha.

Lolemba lija, pamene unkagwetsa chisakasa cha ukwati ndi anzako, ndinakumva ukunena kuti, "Ine za ndalama sizindivuta ayi. Ndizingomupatsa ya pamsika Loweruka lililonse, zinazo aziona yekha." Anzako anaseka, iwenso unaseka. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndipo sindinaseke. Mawu amenewo ndi anga, mwana wanga. Sindinakuphunzitse, koma wawatengera monga watengera mphuno yangayi, ndipo zonse ziwirizi si zonyaditsa. Ndikuopera Chisomo. Mwana uja ndamuona, ndi wofatsa, ndi wamanyazi, ndipo ndalama ikadzachepa sadzakuuza. Adzangochepetsa mbale yake, kapena adzapeza njira ina imene iwe sudzaidziwa. Makolo ake atipatsa mwana wosangalala, ndipo sindikufuna kuti adzavutike mwakachetechete m'nyumba mwako iwe ukuyenda mothimbwidzika, ukudziyesa mwamuna wodziwa kusamala banja. Ine ndinayendapo choncho, n'chifukwa chake ndikulemba.

Ndiyambe ndi malipiro anga oyamba titangokwatirana ndi amayi ako. Chinali chaka chija tinavota koyamba zipani zili mbwee, aliyense akuti zinthu zasintha, ndipo ine ndinkayesa kuti zasintha mpaka m'thumba mwanga. Tinkakhala m'nyumba ya aphunzitsi pa sukulu ya kumbali kwa Nsaru, yazipinda ziwiri, chitseko chake chotsekera ndi msomali wopinda. Nditalandira ndalama ndinadzera pamsika. Ndinagula nyama ya mbuzi makilogalamu awiri, buledi, majarini, mkaka wa m'chitini, mpunga, shuga mapaketi awiri, ndi chitenje choti amayi ako asayankhule zambiri. Belu la njinga ndinayamba kuliza ndili pabwalo la mpira, kuti akazi a aphunzitsi anzanga asuzumire. Masiku asanu tinadya ngati mabwana a kuboma. Pofika pa teni mwezi watsopanowo, tiyi tinkamwa wopanda shuga. Pofika pa twente amayi ako anakapempha mchere kwa akazi a ahedi, atabisa kapu m'chitenje chatsopano chija. Madzulo ake anandiuza mofatsa kuti, "Aphunzitsi, mwezi uli ndi masabata anayi. Inu mwadyetsa imodzi yokha. Atatu enawa ndi ana a yani?" Iwo ndi amene ananena kuti ndalama ya chakudya tiziigawa panayi. Nzeru imeneyo ndinaikana masiku awiri, tsiku lachitatu ndinailengeza ngati yanga. Ndiye langizo loyamba ndi limeneli, Yamikani: kutha kwa mwezi si Khirisimasi. Uyambe wagula zosawola, nyama ibwere pambuyo ngati mpata ulipo.

Cholakwa chachiwiri chinabadwa m'kukonza choyambacho. Poti ndinali mphunzitsi wa masamu, ndinakhala patebulo ndi cholembera chofiira n'kulemba mndandanda: mchere, sopo, parafini, mafuta ophikira, tomato, anyezi, usipa, nyemba. Mitengo ndinaika ya m'mutu mwanga, ndinaphatikiza, pansi pake ndinalemba mizere iwiri ndi rula. Amayi ako anali pomwepo akusita malaya anga, koma sindinawafunse kanthu. Ya kuchigayo sindinailembe, chifukwa ndinali ndisanapiteko kuchigayo chibadwire. Machesi sindinalembe. Sopo ndinawerengera mmodzi, chonsecho malaya oyera ndinkasintha tsiku lililonse. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse m'mawa ndinkaika ndalamayo patebulo, n'kutsamiritsa buku la nyimbo kuti isauluke. Ndipo, ndikuchita manyazi kulemba izi, madzulo ndinkafunsa chenji. Usadzalembe mndandanda wa pamsika wekha, mwana wanga. Amene sanayimepo kutsogolo kwa wogulitsa usipa alibe mawu pa mtengo wa usipa, ngakhale atakhoza masamu ndi ulemu.

Komabe tinkadya, Yamikani, ndipo ndikakumbukira masiku amenewo malovu amadzaza m'kamwa mpaka lero. Amayi ako sankapita kumsika m'mawa monga amachitira anthu a ndalama. Ankadikira dzuwa lipendeke, pamene ogulitsa tomato ayamba kuganiza zobwerera kwawo ndi dengu lolemera. Nthawi imeneyo mulu umakula wokha, ndipo basela amakuikira usanapemphe. Usipa sankagula wa pamulu. Ankasonkherana ndi akazi a aphunzitsi awiri, n'kugula kandowa kamodzi, n'kudzagawana pakhonde pathu ndi kapu, akukangana mwanthabwala za amene kapu yake yadzaza kwambiri. Loweruka madzulo tinkadya usipa wokazinga ndi tomato, fungo lake kufika mpaka kwa ahedi. Lamulungu zinali nyemba, zimene ankateleka usiku wa Loweruka kuti asachedwe kutchalitchi. Lolemba nyemba zomwezo zinkabweranso zitasintha malaya, mutalowa masamba a mpiru ndi madzi pang'ono, ndipo ine ndinkayamikira ngati ndiwo zatsopano. Lachiwiri nkhwani wotendera. Lachitatu usipa wotsala, wothira nsinjiro kuti uoneke wambiri. Lachinayi therere, limene iwe unkadzipaka nalo mpaka m'makutu. Lachisanu ndiye linali tsiku la zozizwitsa: bonongwe wa kudzala, chisoso, luni wa kuseri kwa kalasi ya Sitandade 8, bowa m'dzinja, ngumbi mvula ikagwa bwino. M'chilimwe, pamene masamba asowa ndipo pamsika akutchaja ngati nyama, iwo ankangotsitsa chikwatu cha mfutso chimene anapachika kukhitchini mwezi wa Marichi. M'mawa kunali phala lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika ndi tiyi, ndipo tsiku labwino futali. Ndadyapo m'mahotela pa misonkhano ya aphunzitsi, koma futali wa m'nyumba ija sindinamupezenso. Zimenezi uphunzire pamodzi ndi mkazi wako, usamusiyire yekha. Kuseri kwa nyumba mukalimeko bedi limodzi la mpiru ndi tomato, muzithirira ndi madzi otsukira mbale, ndipo khasu ligwire iwe.

Za mgaiwa ndikuuze mwachidule, chifukwa n'zochititsa manyazi ndipo sizifuna mawu ambiri. Ndinaletsa mgaiwa m'nyumba mwanga. Ndinati ndinaudya mokwanira ku sukulu yogonera, mphunzitsi wathunthu sangadye zofiira. Ndiye chimanga chinkakonoledwa, kunyikidwa, kuyanikidwa, ndipo thumba lililonse gawo lina linkathera ku gaga wa nkhuku za eni ake. Amayi ako anayamba kusakaniza pang'onopang'ono, ufa woyera mbale ziwiri, mgaiwa mbale imodzi, kenako theka ndi theka. Ndinadya choncho chaka chathunthu osazindikira, ndikuuzabe anzanga kuti kwathu mgaiwa sulowa. Lero dokotala ndi amene wandilamula kudya mgaiwa, ndipo amayi ako akamandipatsa amati, "Pepani bwana, zofiira." Usadzalole matama akudyere thumba la chimanga.

Kenako panabwera wailesi. Chaka china tinakolola bwino pa kamunda ka sukulu kamene aphunzitsi tinkagawana, matumba asanu ndi atatu. Amayi ako anati onsewo ndi a m'nyumba, asatuluke. Koma masiku amenewo aphungu anali atayamba kulozana zala ku nyumba ya malamulo, zinthu zimene sitinazimvepo chibadwire, ndipo ine ndinatopa n'kukamvera pa wailesi ya ahedi nditaima pawindo. Mwezi wa Meyi mavenda atakhazika masikelo m'mbali mwa msewu, ndinakweza matumba anayi pangolo amayi ako ali kumaliro. Ndinabwera ndi wailesi ya makaseti, yamasipika awiri, yoti ukatsegula mbale zimanjenjemera pa shelefu. Anthu ankasonkhana pakhonde pathu kudzamvera, ine nditakhala pakati ngati ndine ndaipanga. Pofika Januwale ufa unatha. Chimanga chomwecho tinkachigula pa mbale kwa mavenda omwewo, pa mtengo woti ukaumva umayamba wakhala pansi. Wailesi ija inali zii, chifukwa ya mabatire inalowa ku chimanga. Tsiku lina ndikuyang'ana mbale yanga imene inali yochepa, amayi ako anati, "Tsegulani wailesi ija aphunzitsi, mwina alengeza za ufa." Sanaseke. Ukumva, Yamikani? Chakudya chimene chalowa m'nyumba chisatuluke chifukwa cha chinthu cholira. Masiku ano zolira zanu mumaziyenda nazo m'matumba, ndipo zimadya mayunitsi kuposa mmene yanga inkadyera mabatire.

Za alendo ndiyenera kulankhula mosamala, chifukwa sindikufuna kuti udzakhale munthu wotseka chitseko. Atandisankha kukhala mlembi wa mpingo ndinayamba kudzimva. Lamulungu lina kunabwera akulu a mpingo asanu ndi mmodzi ochokera ku Nambuma. Mapemphero atatha, anthu akuyang'anana kuti alendowa akadya kuti, ine ndinakweza mawu ndikuti, "Tiyeni kunyumba, si patali." Amayi ako anamvera pomwepo, pamodzi ndi mpingo wonse. Anathamanga kudzera njira ya kumunda kuti atsogole. Tinali ndi nkhuku imodzi yathadzi yoikira, imene mazira ake ankagulitsa kuti apeze ya kuchigayo ndi machesi, zinthu zija ndinaiwala pa mndandanda. Inaphedwa. Nyemba za masiku awiri zinatha, shuga wa sabata yonse anathera m'tiyi, chifukwa mkulu wina ankathira masupuni anayi akunena za kudziletsa. Potsanzika anandigwira dzanja onse, akuti, "A Phiri ndinu munthu wa mtima wabwino." Ndinavomera ulemuwo ndekha, amayi ako ali kuseri akukwecha mapoto. Sabata imeneyo tinadya therere masiku anayi otsatizana. Iwo anangonena kamodzi kokha kuti, "Mukamaitana alendo, muziyamba mwaitana ine." Alendo uziwalandira, mwana wanga, nyumba yopanda alendo ndi yozizira. Koma usanatsegule pakamwa pagulu, yamba wadzera kukhitchini. Ndipo mlendo wabwino amadya zimene eni nyumba akudya. Amene angakunyoze chifukwa cha nkhwani asadzabwerenso, palibe chotayika.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhalira pakhonde pano. Zonse ndanenazi mumaziseka kale ndi mlongo wako Tadala, koma iyi simunaimvepo.

Iwe uli ndi zaka ziwiri, kwacha inagwa ndipo zinthu zinakwera mitengo. Ine ndinkadziwa bwino, chifukwa mabatire anakwera, tayala la njinga linakwera, ndipo mu ofesi ya aphunzitsi ndinkadandaula kuposa aliyense. Koma ndalama ya pansi pa buku la nyimbo ija sindinaisinthe. Inali yomweyo ya chaka chimene ndinalemba mizere iwiri ndi rula. Bwanji ndikanaisintha? Usipa unkabwera Loweruka, nyemba zinkabwera Lamulungu, sopo sankasowa. Ndinkati masamu anga ndi olondola. Ndinafika pouza aphunzitsi anzanga kuti, "Inu mumawalekerera akazi anu. Ine ndinaika malire, ndipo kwathu sitigona ndi njala."

Mwezi wa Febuluwale amayi ako anadwala malungo, oti sabata yonse sanadzuke pamphasa. Loweruka litafika ndinati palibe vuto, ndipita ndekha, ndiwaonetsenso mmene amagulira munthu wophunzira. Ndinatenga mndandanda, ndalama ndi njinga. Mchere ndinagula. Sopo ndinagula, ndikung'ung'udza. Pa mafuta ophikira ndinatchula mtengo wa papepala langa, mayi wogulitsayo anaseka mpaka kuitana mnzake kuti adzamve. Pofika pa usipa ndinali nditatsala ndi tindalama tosakwana ngakhale mulu umodzi, ndipo nyemba, tomato ndi parafini ndinali ndisanagule. Ndinakalipira mwamuna wa usipayo kuti akundibera poona tayi. Iye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mtengo umenewo ndi wakale, mwana wanu asanabadwe. Akafunseni amayi kunyumba, amagula pompano." Ndinaima pakati pa msika, thukuta lili kamukamu, ndikuphatikiza ndi kuchotsera m'mutu. Ndalama yanga sinkafika ngakhale theka la zimene tinkadya. Mutu wanga unaima. Nanga theka linalo linkachokera kuti?

Yankho linandipeza pomwepo. Kutsidya kwa dambo kunali esiteti ya fodya, ndipo matenanti ake ambiri anali ochokera kummwera. Mmodzi mwa akazi awo, mayi a Fulosi a ku Phalombe, mwana wawo anali m'kalasi mwanga. Anandiona, anabwera, anapinda mawondo, n'kunena mokweza monga amayankhulira anthu osabisa kanthu.

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji? Kodi amayi ali bwanji? Sabata yonse ino sitinawaone kuchigafa. Akudwala eti? Akapitawo akufunsa, pajatu pa kusoka fodya palibe wowaposa. Ndalama yawo ya sabata yatha ndawasungira, ndi iyi, mukawapatse."

Anayamba kumasula mfundo ya pa chitenje. Pamenepo zinthu zonse zinabwera pamodzi m'mutu mwanga. Fungo la fodya pa mbereko yako, limene ndinkati ndi la ngolo zodutsa pamsewu. Zakuda zomata m'zala za amayi ako, zimene ankati n'za nthochi zosapsa. Kutopa kwawo kwa madzulo, kumene ndinkakutcha ulesi wa akazi a aphunzitsi. Ine ndikangolowa m'kalasi, iwo ankakubereka iwe n'kuwoloka dambo, kukakhala pansi m'chigafa ndi akazi a matenanti, kusoka masamba a fodya mpaka masana. M'nyengo yosankha fodya ankapitanso. Ankathamanga kubwerera belu lowerukira lisanalire, n'kutsuka manja ndi mchenga, kuti ine ndipeze chakudya patebulo ndi mkazi waukhondo pakhomo. Iwe chigafa chimenecho umachidziwa, ngakhale sungakumbukire. Unagonamo pa chiguduli miyezi yambiri.

Ukuganiza kuti choyamba kundigwira chinali chisoni? Ayi, mwana wanga, ndipo apa ndi pamene ndimadzida. Choyamba chinali manyazi oti anthu apamsika aona mlembi wa mpingo, wa tayi, akulandira ndalama kwa mkazi wa tenanti. Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndinati, "Sungani mayi, mudzawapatse nokha akachira. Ndipo musawauze kuti takumana." Ndinakwera njinga ndi mchere, sopo ndi kabotolo ka mafuta. Kunyumba ndinanama kuti usipa wa tsiku limenelo unali wamchenga.

Munthu wolungama akanakhala pansi pambali pa mphasa ija n'kupepesa. Ine ndinadikira kutha kwa mwezi, ndinawonjezera ndalama ya Loweruka pang'ono, n'kunena kuti boma latikwezera malipiro. Amayi ako anati, "Zikomo aphunzitsi," basi. Chenji ndinasiya kufunsa. Koma zimene ndinawonjezerazo sizinali zokwanira, ndipo ndinkadziwa, chifukwa mitengo ndinali nditaiona ndi maso anga. Kuti zikwane ndikanayenera kusiya nyuzipepala, tiyi wa pa sitolo ndi masuti a kaunjika, ndipo koposa zonse ndikanayenera kuvomera kuti masamu anga analakwa. Iwo anapitabe kuchigafa nyengo zina ziwiri, mpaka nditakhala hedi. Ine ndinkachedwa dala mu ofesi, ndikuchonga makope ochonga kale, kuti ndiwapatse mpata wofika ndi kutsuka manja. Tsiku lina ndinagula botolo la gilisalini n'kuliika pawindo osanena kanthu. Ndinkadziona ngati munthu wachifundo. Unali mantha chabe, Yamikani. Ndinkaopa funso limodzi, ndipo ndaliopa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndikudzitonthoza kuti amayi ako sadziwa kuti ndinadziwa.

Nditafika pa mzere uli pamwambawu ndinaika cholembera pansi. Ndinaona kuti sindingakupatse iwe nkhani imene mwini wake sindinamuuze. Ndangobwera kumene kuchokera kukhitchini, ndipo ndikulemba zimene zachitika.

Ndawapeza atakhala pa mpando wawo waufupi, akusankha nyemba m'lichero zoti mutenge mawa. Ndinaima pakhomo ngati mwana wa sukulu wochedwa. Ndinati, "A Nabanda, pali nkhani." Anati, "Ngati ndi ya mabenchi, abweza kale." Ndinati ayi, ndi ya kale, ya kuchigafa. Ndinafotokoza zonse, za msika, za mayi a Fulosi, za bodza la malipiro. Iwo sanasiye kusankha nyemba. Nditamaliza anataya timiyala tinali m'dzanja lawo n'kunena kuti:

"Mayi a Fulosi anabwera madzulo omwewo kudzandizonda, inu muli kukwaya. Anandipatsa ndalama ija, anandiuzanso zonse."

Ndinati, "Ndiye munkadziwa kuti ndikudziwa?"

"Ee. Ndinagona pamphasa paja ndikuti akabwera afunsa. Lamulungu ndinati mwina akudikira ndichire. Ndinachira. Kenako munabwera ndi nkhani yoti boma lakweza malipiro. A Phiri, akazi a aphunzitsi anzanu tinkatunga nawo madzi pa chitsime chimodzi. Boma limenelo linakwezera inu nokha?"

Anapitiriza, mawu ali pansi, osakalipa, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa.

"Kusoka fodya sikunandipweteke ine. Ndinakulira m'munda, ntchito sindiiopa, ndipo amayi aja tinkaseka nawo bwino. Gilisalini uja ndinadzola, ndinathokoza mumtima. Chimene chinandipweteka n'chakuti tinkagona nyumba imodzi, tinkapemphera limodzi, koma njala ya pakhomo pano ndinkaisenza ndekha, inu mukuona. Ndinkangofuna mukhale pansi munene kuti, a Nabanda, kodi ndalamayi ikukwana? Basi. Ngakhale mukanapanda kuwonjezera tambala."

Ndinati pepani. Mawu amenewa ndauza ana a sukulu ambirimbiri kuti awanene, koma m'kamwa mwanga anatuluka movuta ngati ndikuphunzira kumene. Anati, "Ndamva. Gwirani thumbali ndithiremo nyemba za ana." Ndinagwada n'kugwira thumba. Nyemba zikulowa, ndinalimba mtima ndikufunsa, poti ya penshoni ndimaikabe patebulo Loweruka lililonse monga kale.

"Nanga ya masiku ano, ikukwana?"

Anandiyang'ana, maso ali ndi misozi koma pakamwa pakufuna kuseka.

"Siikwana, a Phiri. Siinakwanepo."

Tagwirizana kuti mawa, tikakuperekezani pa siteji, tidzakhala pansi awiri, iwo azitchula mitengo, ine ndizingolemba.

Ndiye mwana wanga, malipiro a mphunzitsi ndi ochepa, sindikunamiza. Padzakhala masabata oti Lachitatu ndalama yatha, padzakhala miyezi yoti malipiro achedwa. Zimenezo sizipasula banja. Anthu amadya bonongwe akuseka. Chimene ndikukupempha n'chimodzi. Ndalama yonse imene walandira uziika poyera, Chisomo aione, aigwire, anenepo mawu ake. Kumsika muzipita limodzi ngakhale kamodzi pa mwezi, dengu unyamule iwe, anzako aseke ngati akufuna. Ndipo uzimufunsa ngati ikukwana. Akati ikukwana, usathamangire kukondwa, chifukwa ndi mwana wamanyazi ndipo adzafuna kukusungira ulemu. Uyang'ane mbale yake, uyang'ane manja ake, kenako ufunsenso.

Ine ndafunsa lero, tsitsi litayera, ndipo amayi ako andiyankha ngati anali atasunga yankholo pafupi zaka zonsezi. Iwe Loweruka lako loyamba ndi mkucha. Usadikire lachiwiri.

Mulungu akuyendetseni bwino nonse awiri. Umupatse moni mpongozi wanga, ndipo ukaona kuti wakonzeka, umupatse kalatayi awerenge nayenso.

Ndine,
Bambo ako